Khomo la chiberekero, mlango wa kizazi

Mayi uja anabwera kwa ine ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka ndi mwana wake wamwamuna, mnyamata wa zaka 12 kapena 13, kuti azimasulira. Iwo amalankhula Chiswahili, ine Chichewa, ndipo mnyamatayo Chichewa anachitola kusukulu ndi pabwalo la mpira. Ndinafunsa chimene chikuwavuta. Mayiwo analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi, mwana n'kunena kuti, "Akuti m'mimba." Ndinafunsa kuti m'mimba cha pati, kuyambira liti, nanga kumwezi akupita bwanji. Funso lomalizali mnyamatayo sanalimasulire. Anangotembenukira kukhomo ngati wina wamuitana. Amayi ake anakonza chitenje, nati asante, n'kutuluka.

Patatha miyezi inayi ndinamva kuti awatumiza ku Lilongwe ali ofookeratu. Anakhala akutaya magazi pafupifupi chaka chathunthu, osati a kumwezi ayi, koma ongodontha nthawi iliyonse, ndi chikazi chonunkha. Inali khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inali itafalikira. Tsiku lija anabwera kudzandiuza zimenezi. Koma ndi mayi uti angatchule zoterezi kudzera pakamwa pa mwana wake wamwamuna?

Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba zaka zoposa 30, ndipo nditapuma ndinakhazikika kufupi ndi boma la Dowa. Ku Dzaleka anandikokera ndi amayi a kumpingo kwathu amene ankapita kukacheza ndi odwala. Anati, "Anesi, inu muli ndi luso, tiyeni muzikawaphunzitsako azimayi zaumoyo." Ndinavomera mosavuta poganiza kuti othawa kwawo ndimawadziwa kale.

Ndinali ndi chifukwa choganizira choncho. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndinkagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha m'malire ku Ntcheu, kumene msewu wa M1 umadutsa m'mphepete mwenimweni mwa Mozambique, tsidya lino kwathu, tsidya linalo kwa eni. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu ankawoloka usiku, ana kumsana, mphika pamutu. Pa nthawi imeneyo dziko lathu linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Dedza, kwathu ku Ntcheu ndi kwina, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ndipo anthu anayamba kubwerera. Tinachiritsa azimayi ambirimbiri pa nyali ya palafini. Koma azimayi a ku Angonia aja anali anthu athu omwe. Mayi ankalowa n'kunena kuti, "Anesi, mwana sakugunda chiyambire dzulo," kapena, "Nsana wandigwira, matenda ayamba," ine n'kudziwiratu chochita. Ngakhale akazungulira, monga timazungulirira ife tikamanena za kumaso, ndinkamva kumene akupita. Zaka zonsezo sindinazindikire kuti theka la ntchito yanga linkagwiridwa ndi chilankhulo.

Dzaleka ndi nkhani ina. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo dzinalo akuti linachokera ku mawu akuti "ndidzaleka". Mu 1994 anawasandutsa kampu ya othawa kwawo, chaka chomwe ku Rwanda kunaphedwa anthu osawerengeka. Anakonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero kuli anthu oposa 50,000. Ambiri ndi a ku Congo, kenako Burundi ndi Rwanda, ndi ena ochepa a ku Somalia ndi Ethiopia. Madera a m'kampumo ali ndi mayina odziwika kwa ife, Kawale, Likuni, Zomba, Blantyre, Karonga, koma ukamayenda m'tinjira take, pakati pa nyumba za zidina zothinana, chimene umamva ndi Chiswahili, Chikirundi, Chikinyarwanda ndi Chifalansa. Mphepo ya pa chitunda chimenechi m'mwezi wa June imalowa mpaka m'mafupa.

Maphunziro athu oyamba anali Lachinayi lililonse m'kachipinda ka tchalitchi china. Ndinkabwera ndi zithunzi zija timagwiritsa ntchito kusikelo, ndipo womasulira anali bambo wina waulemu wake, mkulu wa mpingo, wodziwa zilankhulo zinayi. Azimayi ankabwera ambiri, 40 kapena kuposa. Ankakhala phee, kumvetsera, kuwomba m'manja pomaliza. Funso ndiye kunalibe. Ndikamanena za malungo ndi neti, zinkayenda. Ndikafika pa za msambo, za kulera, za matenda opatsirana pogonana, ndinkaona kuti ndalankhula mawu ambiri koma bamboyo wamasulira mawu atatu okha. Sindikuwanena. Anali munthu wamanyazi ake, ndipo pakati pa azimayiwo panali akazi a anzake ndi apongozi ake.

Amene anatithandiza ndi gogo wina wa ku Burundi, amene anafika ku Malawi kalekale ndipo Chichewa amachilankhula bwino. Tsiku lina titamaliza anandikokera pambali, nati, "Mama nesi, sabata yamawa bamboyu mumupumitse. Ndimasulira ine." Sabata yotsatirayo tinatseka chitseko, tili azimayi okhaokha. Mafunso anagwa ngati mvula yoyamba. Wina anafunsa chifukwa chake mkodzo umangotuluka wokha chibadwire mwana wake wachisanu. Wina anafunsa ngati jakisoni ya miyezi itatu imaumitsa chiberekero. Wina, mtsikana wamng'ono ndithu, anafunsa ngati munthu angatenge pakati atagwiriridwa kamodzi kokha. Tinayamba 9 koloko, tinatuluka dzuwa litapendeka.

Kuyambira pamenepo ndinasintha maganizo. Ndinasiya kudziona ngati mphunzitsi wa azimayi 40, ndinayamba kufunafuna ochepa amene angamaphunzitse anzawo ine kulibe. Tinasankha asanu ndi atatu. Sitinayang'ane za sukulu. Tinayang'ana amene amamva Chichewa, amene anzawo amawakhulupirira, ndipo koposa zonse, amene amasunga chinsinsi, chifukwa m'kampu khoma la nyumba yako ndi khoma la mnzako, nkhani ikatuluka m'mawa, pofika madzulo yafika ku Karonga kuchokera ku Likuni. Awiri anali ogulitsa tomato pa msika wa Lachiwiri. Mmodzi anali mzamba kwawo ku Uvira, wa mapepala ake, koma kuno sangalembedwe ntchito ya uzamba. Manja ake ankadziwa zonse zimene anga amadziwa, ndipo nthawi zambiri ndinkaphunzira kwa iye.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi limene tinkaphunzira za khansa ija. Ndinajambula chiberekero pa pepala lalikulu, n'kuloza kumunsi kwake, ndikuti, "Apa ife timati khomo la chiberekero." Gogo uja anaima kaye, kenako anamwetulira, nati, "Khomo? Ifenso timati mlango. Mlango wa kizazi." Azimayi anayamba kubwerezabwereza mawu awiriwo, khomo, mlango, ngati apeza wachibale pa msika. Zinthu zinapepuka kuchokera pamenepo. Khomo aliyense amalidziwa. Limatha kuyamba kufumbwa pang'onopang'ono mwini nyumba osadziwa, ndipo ukaliona msanga umalikonza nyumba isanawonongeke.

Ndinawafotokozera mmene kuyeza kumachitikira, osabisa kanthu. Mayi amagona chagada, namwino amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira, n'kupaka viniga pa khomo paja, viniga wonga yemwe timathira m'zakudya. Pakatha mphindi imodzi, malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Ngati malowo ndi aang'ono, amawatentha ndi kamakina, kawirikawiri tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana, ndipo imatenga zaka zambiri isanakule, n'chifukwa chake kuyezetsa kumapulumutsa. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansayi imapha azimayi ambiri pa dziko lonse, ndipo mayi amene ali ndi HIV mwayi woti aidwale ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Mu January 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9.

Zonsezi anazimva. Koma kumva ndi kwina, kupita ndi kwina. Mphekesera zinalipo, zoti akakuyeza amachotsa chiberekero, zoti viniga uja ndi mankhwala oletsa kubereka amene amapatsa othawa kwawo kuti asachulukane. Poyamba ndinkalimbana ndi mphekeserazo chimodzichimodzi, mpaka mzamba wa ku Uvira uja anandikhazika pansi. Anati, "Dada, si viniga amene akuopa. Ambiri mwa awa, ulendo womaliza umene anagonekedwa chagada ndi anthu osawadziwa, anali asilikali." Ndinakhala chete nthawi yaitali. Za kum'mawa kwa Congo ndinkazimva pa wailesi. Ndinkadziwa za Dr. Denis Mukwege wa chipatala cha Panzi ku Bukavu, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa chosoka ndi kusamalira azimayi ogwiriridwa pa nkhondo. Sindinaganize kuti azimayi omwewo ndi amene akhala pa benchi patsogolo panga, atafunda zitenje chifukwa cha mphepo ya ku Dowa.

Sabata yotsatira ndinabwereka kachipangizo kotsegulira kaja, n'kubwera nako. Tinakayendetsa dzanja ndi dzanja. Aliyense anakagwira, kukatsegula, kukatseka, kumva kuzizira kwake. Wina anakaika m'khwapa kuti katenthe, nafunsa ngati angapemphe namwino kuti ayambe wakafunditsa. Ndinati angathe. Ndinawauza kuti ali ndi ufulu wopempha kuti awayeze mzimayi, wolowa ndi mnzawo, wofunsa kuti "mukundichita chiyani tsopano", ndiponso wonena kuti "imani" nthawi iliyonse. Mawu amenewa tinawaphunzira m'Chichewa, mokweza, tonse pamodzi: imani kaye, zikupweteka, ndifotokozereni. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene tinaphunzitsana m'chipinda chija, mawu atatuwa ndiwo anali olemera kuposa zithunzi zanga zonse. Mwezi umenewo anapita awiriawiri, wina kukayezetsa, wina kukagwira dzanja.

Nkhani ya kugwiriridwa sinathere ku Congo. Imachitikanso pokatola nkhuni kunja kwa kampu, popita kuchimbudzi usiku, ngakhale m'nyumba momwe. Chimene tinaumirira n'chakuti aliyense adziwe za masiku atatu. Munthu akafika kuchipatala pasanathe maola 72, amapatsidwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV, akumwa masiku 28. Mapiritsi oletsa pakati adzidzidzi amagwira mpaka masiku asanu, koma msanga ndi bwino. Ambiri ankayamba apita kwa abusa kapena kwa mtsogoleri wa dera, nkhani n'kumakambidwa sabata yathunthu, masiku atatu aja n'kudutsa. Azimayi athu anayamba kunena mawu amodzi paliponse: kuchipatala kaye, milandu pambuyo.

Za kulera ndiye zinafuna mtima wodekha. Bambo wina anandiimitsa panjira, mwaulemu koma nkhope itauma, nati, "Mama, kwathu tinali ana khumi, ndatsala ndekha. Inu mukufuna kuti mtundu wanga uthere pano?" Munthu wotere sungamuyankhe ndi chithunzi cha lupu. Ndinamufunsa za mkazi wake, amene anali ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri kumsana ndi wina m'mimba, magazi ali ochepa, milomo yoyera. Ndinati sitikunena zotseka, tikunena zopumira, zaka ziwiri kuti thupi libwerere, kuti ana amene akuwafunawo akhale ndi mayi wowalera. Sanavomere tsiku limenelo. Patapita nthawi mkazi wake anabwera ataikitsa ka pamkono ka zaka zitatu, nati anaperekezedwa ndi bambo a kunyumba.

Pali phunziro limodzi limene ndinasiya kuliphunzitsa mmene ndinalizolowerera. Kusikelo timaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, tili ndi chithunzi chokongola cha nyama, mazira, mkaka, zipatso. Nditachikweza, mayi wina woyembekezera anafunsa mofatsa, "Mama nesi, nyamayo tikaitenge kuti?" Thandizo la chakudya la bungwe la WFP lakhala likuchepetsedwa kangapo chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndipo zimene banja limalandira sizifika kumapeto a mwezi. Chithunzi chija ndinachipinda. Tinayamba kukamba za zomwe zilipo: usipa wa pa mulu, nyemba, soya, nsinjiro m'phala, bonongwe. Chigwada iwo amati sombe, ndipo amachiphika bwino kutiposa. Ena anabzala masamba m'matumba a simenti pakhonde, kuthirira ndi madzi otsukira mbale.

Pamenepa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi ena amene amakonda mawu oti "kupatsa azimayi mphamvu". Mawuwa ndi abwino, koma ndaona maphunziro a masiku atatu, fanta ndi satifiketi pomaliza, mayi n'kubwerera ku nyumba imene mulibe ufa. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo dziko lathu povomera pangano la United Nations la 1951 linakana mbali zina, kuphatikizapo za ufulu woyenda ndi wogwira ntchito. Choncho munthu wa ku Dzaleka amayenera kukhala m'kampu. Mabungwe monga There is Hope, limene anayambitsa Innocent Magambi, yemwenso anakulira m'makampu, amaphunzitsa ntchito zamanja kwa othawa kwawo ndi Amalawi pamodzi, ndipo bungwe la Akatolika lothandiza othawa kwawo la JRS lakhala likuyendetsa sukulu kumeneko zaka zambiri. Ntchito imeneyi ndi yaikulu. Koma telala akaphunzira kusoka, wogula ndi mnzake wa m'kampu momwemo amene nayenso alibe ndalama. Mzamba uja ali ndi luso limene zipatala zathu zikulisowa, koma amagulitsa mandasi. Izi zimandiwawa, ndipo ndikuganiza kuti dziko lathu likutaya.

Chimene tinakwanitsa ife ndi chaching'ono: banki m'khonde. Azimayi ankaponya kangachepe Lachinayi lililonse, n'kumabwerekana. Wina anagula ufa wa tirigu ndi mafuta n'kuyamba kukazinga chapati. Koma thumba limene ndinalikonda ndi lapadera lija, la zadzidzidzi, losabweza ndi chiwongoladzanja. Tinali titaphunzira zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera, kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zideruderu, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, mwana kusiya kugunda. Kudziwa zizindikiro kulibe phindu ngati 2 koloko usiku ulibe ya njinga yamoto. Thumba limenelo linanyamula azimayi angapo. Linanyamulanso mayi wina Mmalawi wa m'mudzi woyandikana nawo, chifukwa pofika nthawi imeneyo azimayi a m'midzi yozungulira, amene amapita kuchipatala chomwecho, anali atayamba kubwera Lachinayi. Ena mwa iwo ankabwera ndi mawu aja timawamva, oti maburundi akutidyera mankhwala. Atakhala pa benchi imodzi miyezi ingapo, mawuwo ndinasiya kuwamva m'chipinda chathu.

Kolera imene inayamba mu March 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mliri wa kolera waukulu kuposa yonse imene tinaionapo. Pamalo othinana ngati Dzaleka, pamene mzere wa zigubu pa mjigo umayamba kusanache, tonse tinali ndi mantha. Ine masiku amenewo ndinkadwala miyendo, sindinkapita. Azimayi asanu ndi atatu aja anayenda okha khomo ndi khomo. Ankaonetsa kusungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo popeza si nyumba zonse zili ndi choyezera, ankanyamula botolo la theka la lita n'kumati awiri otere. Ankaphunzitsa kuthira kolorini m'chigubu ndi kudikira mphindi 30, kumanga mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, ndi kuti munthu akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi a mpunga azimwa Thanzi ali m'njira yopita kuchipatala, osadikira kuche. Ankandiimbira foni madzulo, osati kufunsa chochita, koma kundiuza zomwe achita.

Mu May 2023 boma linayamba kubweza ku Dzaleka othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni ndi m'maboma. Anthu anafika ambiri nthawi imodzi, ena alibe ndi pogona pomwe. Pakati pawo panali azimayi a pa ma ARV, a BP, oyembekezera, ena mabuku awo a kuchipatala atatsala kumene ankakhala. Munthu wa ma ARV akadukiza, kachilombo kamadzukanso ndipo mankhwala amatha kusiya kugwira, koma ndani angaime pagulu la alendo n'kunena kuti ine ndimamwa? Gogo wa ku Burundi uja anapeza njira yake. Ankapita kumene agona obwera kumenewo ndi ketulo ya tiyi, n'kumafunsa aliyense chimodzimodzi, "Mwanangu, pali mankhwala amene umamwa tsiku ndi tsiku, a mtundu uliwonse?" Amene wagwedeza mutu, m'mawa mwake ankamuperekeza.

Mayi woyamba uja anabwerako ku Lilongwe. Madokotala anati nthendayo yapitirira poti n'kuchita opaleshoni. Anakhala miyezi ingapo kunyumba, akumwa mofini wamadzi wochepetsa ululu, ndipo azimayi athu ankasinthana kukamusambitsa ndi kuchapa nsalu kuti mnyamata uja asamachite zimenezo. Ndinapita kukamuona kawiri. Ulendo wachiwiri, kudzera mwa mzamba wa ku Uvira, anandiuza zonse zimene ankafuna kundiuza tsiku loyamba lija, kuyambira pachiyambi, ngakhale zinali zitachedwa. Anandipemphanso kuti mwana wake wamkazi akadzakwana zaka, adzabayitse katemera uja. Anamwalira m'nyengo yozizira. Mtsikanayo anabayitsa, anamuperekeza ndi gogo.

Mwezi wathawu ndinapita ku Dzaleka tsiku la msika, n'kudutsira pa sikelo kukapereka moni. Pa benchi panali mayi wachilendo, wofika kumene kudzera ku boma la Karonga, pambali pake kamnyamata ka zaka ngati 10 katagwira buku la kuchipatala la amayi ake mwamphamvu ndi manja awiri. Mmodzi wa ogulitsa tomato aja anali pomwepo, wasiyira mnzake benchi ya malonda. Anagwada, nalankhula ndi mayiyo pang'ono m'Chiswahili, kenako anatenga bukulo m'manja mwa mwana, n'kumupatsa ndalama ya chitumbuwa.

"Pita ukasewere panja, mwanangu," anatero. "Amayi ako ndilowa nawo ine."